Antiokeya Wanu Ndi Uti? Phunziro la Kulalikira pa Foni

Werengani: Machitidwe 13:1-3, 14:26-28, Ahebri 10:24, 25, 1 Petro 3:15

Paulo ndi Barnaba sanadzitume okha. Mpingo wa ku Antiokeya unasala kudya, unapemphera, unawasanjika manja, kenako n'kuwalola kupita. Anadutsa ku Kupro, ku Ikoniyo, ku Lustra kumene Paulo anaponyedwa miyala, mpaka ku Derbe. Koma ndime imene ambirife timaidumpha ndi Machitidwe 14:27. Ulendo utatha, anabwerera ku Antiokeya komweko, anasonkhanitsa abale, anawafotokozera zonse zimene Mulungu anachita, ndipo anakhala nawo nthawi yaitali. Mlaliki wamkulu ngati Paulo anali ndi mpingo wakwawo woti akaufotokozere za ntchito yake.

Ife ulendo wathu umayambira m'thumba. Mu Marichi 2020, boma litatseka sukulu ndi kuletsa misonkhano ya anthu oposa 100 chifukwa cha Covid-19, achinyamata ambiri tinaphunzira kutumiza phunziro la Sukulu ya Sabata pa WhatsApp ndi kuulutsa mapemphero pa Facebook. Chizolowezicho chinakhazikika, ndipo n'chabwino. Msodzi wa ku Chilumba angamve uthenga akusoka ukonde, mayi wodwala ku Kaporo angaimbe nawo ali pamphasa. Funso la ku Antiokeya ndi limene latsala: anakutumani ndani, ndipo mumakafotokozera yani?

Kwathu ku Karonga funsoli si la m'buku. Mtsinje wa North Rukuru ukasefukira n'kumiza minda ya mpunga, mlaliki wa pa YouTube sabwera ndi ufa. Amabwera ndi amayi a Dorika. Maliro akagwa, amagona pa siwa ndi akwaya a mpingo wanu, aja mumati amaimba mochedwa. Ndipo pali zina zimene foni singathe m'pang'ono pomwe: simungasambitse mapazi a m'bale wanu pa intaneti, kapena kulandira mkate wa mgonero pa vidiyo. Wolemba Ahebri anaona kale kuti ena ayamba chizolowezi chosasonkhana ndi anzawo, ndipo chifukwa chimene anapereka chosonkhanira n'chakuti tizifulumizana pa chikondi ndi ntchito zabwino. Kufulumizana kumafuna munthu wokudziwani dzina, amene angaone kuti benchi lanu lakhala lopanda munthu Masabata atatu.

Nkhani ya chakhumi ndi yofanana. Masiku ano nambala ya Airtel Money kapena Mpamba imalembedwa pansi pa ulaliki uliwonse, ndipo mtima ukatenthedwa chala sichichedwa. Dongosolo la mpingo wathu n'lakuti chakhumi chibwezedwe ku mpingo umene uli ndi dzina lanu. Msungichuma amalemba lisiti, ndalama zimapita ku likulu la chigawo, kwa ife a kumpoto ku Mzuzu, ndipo ndi zomwezo zimene zimalipira abusa oyang'anira mipingo ingapo nthawi imodzi. Kwa ife ophunzira pali chinanso. Buku la malamulo a mpingo limalangiza kuti wosamuka kwa miyezi yoposa 6 apemphe kalata yosamutsira dzina lake. Choncho kukhulupirika kumene ndikunena si kukakamira nyumba imene munabatizidwiramo. Ndi kukhala ndi mpingo weniweni, kumudzi kapena pa koleji pano, umene ungakudzudzuleni mukalemba zolakwika.

Tsono mbali yovuta. Karonga ili ndi mipingo yambiri yokhala ndi mizu yakuya. Amishonale a Livingstonia anafika kumeneko zaka za m'ma 1800 zisanathe, ndipo CCAP ndi yolimba mpaka lero. African National Church inabadwira m'boma lomweli kumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Akatolika anapatsidwa dayosizi yawoyawo mu 2010, ali ndi wailesi ya Tuntufye FM. Asilamu nawonso alipo. Ifenso tili ndi mbiri yathu, monga mishoni ya Ighembe. M'banja limodzi mumapezeka mipingo itatu. Ndiye mukaika pa sitetasi chithunzi chonyoza mtsogoleri wa mpingo wina, kapena kulemba kuti opemphera Lamulungu onse ndi Babulo, amene akuwerenga si mlendo wa ku America. Ndi amalume amene anagulitsa matumba a Kilombero kuti mulipire fizi. Sadzakuyankhani pa foni, koma pa tchuthi simudzawauzanso za Sabata n'kukumverani.

Ena amati ulemu wotere ndi mantha, ndi kubisa choonadi. Ine ndikukana. Petro anati tikhale okonzeka kuyankha aliyense wofunsa za chiyembekezo chathu, ndipo m'ndime yomweyo anaonjezera kuti tiyankhe mofatsa ndi mwaulemu. Onani kuti akunena za munthu amene wafunsa. Paulo ku Atene mtima unamuwawa ataona mafano, koma ataima pa Areopagi anayamba ndi kuvomereza kuti anthuwo ndi opembedza, ndipo anafikabe pa chiweruzo ndi kuuka kwa akufa osachotsapo kanthu. Yohane ataletsa munthu wotulutsa ziwanda m'dzina la Yesu chifukwa sanali wa gulu lawo, Yesu anamuuza kuti asamuletse (Marko 9:38-40). Mpingo wathunso, kuyambira mu 1926, uli ndi mfundo yolembedwa yovomereza kuti onse okweza Khristu pamaso pa anthu ali ndi gawo pa ntchito yofalitsa uthenga, ndipo ayenera kulemekezedwa. Mfundoyi inalembedwa ndi anthu amene ankasunga Sabata mosanyengerera.

Ulemu umaoneka pa tinthu tating'ono. Musaike munthu m'gulu la WhatsApp musanamupemphe. Vidiyo ya ola lathunthu imadya bandulo imene mwini wake anagula ndi ndalama ya ndiwo. Mawu a mphindi zitatu amakwana. Mkulu akatsutsa pagulu, muyankheni pambali, pakuti wamkulu sachititsidwa manyazi pamaso pa ana. Chinenero nachonso ndi ulemu. Ife ophunzira uphunzitsi timauzidwa kuti mwana amayambira pa chimene akudziwa kale, komabe timatumizira agogo a ku Ngerenge ulaliki wa Chingerezi, pamene uthenga woyamba ndi "Mwaghona" n'kupitiriza m'Kyangonde ukanawakhazika pansi.

Wina akachita chidwi, musamusunge ngati wanuwanu. Mufunseni kumene amakhala, mupeze mkulu wa mpingo wapafupi, muwalumikizitse, chifukwa inu semesita ikayamba mudzakhala kutali ndi mayeso ali pakhosi.

Ntchito ya sabata ino: tsegulani foni yanu, muwerengenso mauthenga khumi omaliza a chipembedzo amene munatumiza. Chongani amene mungawawerenge mokweza mutaima kutsogolo kwa mpingo wakwanu, amalume aja atakhala pa benchi la alendo. Tidzakambirana m'kalasi Sabata likubwerali.