Chiphaso ndi Masamu: Phunziro la Malamulo a Juga

Mwana wanga, dzulo titaweruka unanditsatira mpaka pachipata n'kundifunsa kuti: "Aphunzitsi, anyamata otchova juga ya makadi kuseri kwa msika amabalalika akaona wapolisi, koma pa Chitakale ndi pa Limbuli anthu amabetcha mpira poyera, dzuwa likuswa mtengo. Zikusiyana pati?" Funso limeneli ndi la munthu woyenda ndi maso. Tenga kope ndi cholembera, tiyende pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tiyambe ndi mawu. Juga ndi masewera alionse amene munthu amaikapo ndalama kapena katundu pa chinthu chimene sakudziwa mathero ake, ndi chiyembekezo chakuti akalondola alandira zochuluka. Mu juga muli zinthu zitatu: chimene munthu waika, mwayi, ndi mphoto. Zitatuzi zikakumana, imeneyo ndi juga, kaya ichitikire pansi pa mtengo wa mango, kaya m'nyumba ya magalasi. Lemba: chimene waika, mwayi, mphoto.

Juga ili ndi mitundu. Kubetcha ndiko kuika ndalama pa zotsatira za masewera, monga kunena kuti Bullets igonjetsa Wanderers. Lotale ndi juga imene anthu ambiri amagula matikiti, kenako manambala opambana amasankhidwa mwamwayi. Kasino ndi nyumba yololedwa kuchititsa juga ya makadi, ya magudumu ozungulira ndi ya makina, ndipo nyumba zotere zimapezeka m'mizinda ngati Blantyre ndi Lilongwe. Palinso masewera a pafoni, monga aja anzako amawatcha kandege. Maonekedwe ndi osiyana, koma zinthu zitatu zija zili monsemo.

Tsopano dziike m'malo mwa boma. Anthu akutchova juga, uchita chiyani? Njira zilipo zitatu. Yoyamba ndi kuletseratu, koma juga yoletsedwa imangosamukira kumdima kumene wobedwa alibe kokadandaula. Yachiwiri ndi kulekerera, koma pamenepo ana amalowamo, akuba amatsekula mashopu, ndipo opambana salipidwa. Yachitatu ndi kulola, koma momanga ndi malamulo. Dziko la Malawi linasankha njira yachitatuyi.

Mbiri yake ndi yaifupi, ndipo uyenera kuidziwa. Mu 1996 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo lotchedwa Gaming Act, limene linabala bungwe la Malawi Gaming Board loyang'anira makasino ndi makina a juga. Mu 2003 kunabwera lamulo la malotale, Lotteries Act, ndi bungwe lake la National Lotteries Board. Nthawi imeneyo munthu wa kwathu kuno sankalota kuti tsiku lina adzatumiza ndalama pafoni. Koma Airtel Money inafika mu 2012, TNM Mpamba mu 2013, ndipo cha m'ma 2015 mashopu obetchera mpira anayamba kufalikira m'matauni ndi m'misika. Malamulo akale anachepa ngati malaya a mwana amene wakula.

Choncho mu 2022 kunakhazikitsidwa lamulo latsopano, Gaming and Lotteries Act, limene linaphatikiza ntchito za mabungwe awiri aja kukhala bungwe limodzi: Malawi Gaming and Lotteries Authority, mwachidule MAGLA. Lemba zaka zitatuzi: 1996, 2003, 2022. Lembanso dzina limodzi: MAGLA.

Chida chachikulu cha MAGLA ndi chiphaso, chimene ena amati laisensi. Chiphaso ndi chilolezo cholembedwa chimene boma limapereka kuti munthu kapena kampani ichite ntchito imene popanda chilolezocho ikanakhala mlandu. Ukudziwa kale kuti woyendetsa minibasi yochoka pa Mulanje boma kupita ku Limbe ayenera kukhala ndi laisensi. Wochititsa juga nayenso ndi chimodzimodzi. Apa ndiye pagona yankho loyamba la funso lako: wa makadi kuseri kwa msika alibe chiphaso, pamene shopu yovomerezeka imagwira ntchito pansi pa chiphaso cha kampani yake.

Nanga chiphaso chimamanga chiyani? Choyamba, kampani iyenera kudziwika: eni ake ndani, ndipo ndalama zawo zachokera kuti. Chachiwiri, masewera ayenera kuyenda monga mmene analengezera, osasinthidwa mobisa. Chachitatu, wopambana ayenera kulipidwa, ndipo akamanidwa ali ndi kokadandaula. Chachinayi, boma limatengapo msonkho, kwa kampani komanso pa ndalama zimene munthu wapambana, kudzera ku Malawi Revenue Authority. Kampani yophwanya malamulo ikhoza kulipitsidwa chindapusa kapena kulandidwa chiphaso, ndipo kuopa kulandidwako ndiko kumaipangitsa kumvera.

Pali lamulo lina logwirana dzanja ndi la 2022 lija, Financial Crimes Act la mu 2017. Limalimbana ndi kutsuka ndalama, kutanthauza kubisa gwero la ndalama zakuba kuti zioneke ngati zapezeka mwachilungamo. Wakuba akhoza kulowa m'kasino ndi ndalama zakuba n'kutuluka akunena kuti wapambana. N'chifukwa chake makasino amayenera kudziwa makasitomala awo ndi kudziwitsa bungwe la Financial Intelligence Authority akaona zokayikitsa.

Tsopano tafika pa lamulo lokhudza iweyo. Munthu wosakwana zaka 18 saloledwa kutchova juga ya mtundu ulionse, m'shopu ngakhale pafoni. Kuchokera mu 2017 malamulo aakulu a dziko lino amati aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Chiphaso cha unzika chimaonetsa tsiku lobadwa, choncho wogulitsa tikiti alibe chonamizira. Mwana akabetcha pa foni ya amayi ake, kapena akatuma mkulu wake kukamudulira tikiti, lamulo lazembedwa, ndipo wamkulu amene wamuthandiza wamupereka ku chinthu chimene lamulo linkamutchinjiriza. Ndibwereze: zaka 18, osati 17 ndi miyezi khumi ndi umodzi.

Mpaka pano taona zimene chiphaso chimachita. Tsopano tchera khutu, chifukwa chimene chikubwerachi ndicho mtima wa phunziro lathu. Chiphaso chimanena kuti masewera ndi ololedwa. Sichinena kuti wobetcha apindula. Woyendetsa minibasi akhoza kukhala ndi laisensi yabwinobwino, koma laisensiyo sikulipirira ulendo, wolipira ndiwe.

Kuti umvetse, tichite masamu. Pa tikiti pamakhala manambala amene obetcha amawatcha ma odds. Imeneyi ndi nambala imene amachulukitsa nayo ndalama ya munthu akalondola. Woika K1,000 pa 1.90 akalondola amalandira K1,900.

Tiyerekeze kuti matimu awiri ofanana mphamvu akumana mu ndime yomaliza ya chikho, pomwe imodzi iyenera kunyamula chikhocho. Mwayi wa timu iliyonse ndi theka. Pakanakhala popanda wodyapo, nambala yoyenera ikanakhala 2.00. Koma kampani iika, mwachitsanzo, 1.90 mbali zonse ziwiri. Munthu mmodzi aika K1,000 ku timu iyi, wina K1,000 ku inayo. Kampani yalandira K2,000, ilipira wopambana K1,900, itsala ndi K100. Ipambane timu iyi, K100 yatsala. Ipambane inayo, K100 yatsala. Kumeneku si kuba, ndipo lamulo limalola. Ndiwo mtengo wa malonda awo. Koma uone bwino: kampani sibetcha, imagulitsa.

Tikwere sitepe ina. Anthu ambiri kuno sabetcha masewera amodzi; amalumikiza masewera ambiri pa tikiti imodzi kuti K100 ibale ndalama zambiri. Tikiti yotere imapambana pokhapokha masewera onse alondoledwe. Titenge masewera 10, alionse a mwayi wa theka. Chulukitsa 2 ndi 2, yankho lake ulichulukitsenso ndi 2, mpaka ma 2 akwane khumi. Upeza 1,024. Ndiye kuti mwa njira 1,024 zimene masewerawo angathere, yolondola ndi imodzi yokha.

Tsopano yerekeza anthu 1,024, aliyense ndi tikiti yosiyana ndi ya mnzake, aliyense waika K100. Kampani yalandira K102,400. Wopambana ndi mmodzi, ndipo pa 1.90 yochulukitsidwa kakhumi alandira pafupifupi K61,300. Kampani yatsala ndi ndalama zoposa K41,000. Pa masewera amodzi inkatsala ndi K5 pa K100 iliyonse. Pa masewera khumi ikutsala ndi K40 pa K100 iliyonse. Tikiti ikamatalika, gawo la kampani limakula. Werengeranso wekha madzulo ano, usangokhulupirira poti ndanena ndine.

Masamu omwewa akufotokozera mawu aja umamva pasiteji ya kabaza: "Timu imodzi yokha ndiyo yandiwonongera tikiti." Wonenayo amaona ngati anatsala pang'ono. Koma pa masewera khumi, njira zolakwitsa amodzi okha zilipo khumi, pamene njira yolondola onse ndi imodzi. Kutsala pang'ono kumachitika kakhumi kuposa kupambana, ndipo ndiko kumabweza munthu pakauntala mawa lake. Wopambana mmodzi dzina lake limamveka msika wonse. Anthu 1,023 aja amabwerera kwawo chete.

Ganizira tsono za boma lathu lino la Mulanje. Mayi kapena bambo amathyola tiyi ku Lujeri kuyambira mbandakucha, mame ali m'miyendo, dengu kumsana, n'kulipidwa potengera makilogalamu. Wina amapalasa njinga ndi matumba kuchoka ku Muloza. Wina amagulitsa nanazi m'mbali mwa msewu. Mabanja ambiri akumangabe zimene namondwe Freddy anagumula mu Marichi 2023. K500 ya munthu wotere ndi ndiwo, ndi sopo, ndi kope ngati lakoli. Akulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wamphepo.

Kwa anthu ena juga imasanduka matenda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, WHO, linaika vuto la kulephera kusiya juga m'ndandanda wake wa matenda. Zizindikiro zake ndi izi: munthu amabetcha kuti abweze zimene waluza, amabisira a pabanja pake, amatenga katapila, amagulitsa katundu wa m'nyumba, ndipo amapitiriza ngakhale akuona kuti zikumuwononga. Munthu wotere asamasekedwe. Aperekezedwe kuchipatala, kumene kuli ogwira ntchito za umoyo wa maganizo. Pozindikira kuti juga ya ngongole ndiyo imapha mabanja, dziko la Britain linaletsa mu 2020 kutchova juga ndi makadi a ngongole a kubanki. Malamulo abwino amakula akamaona mabala a anthu.

Chotsiriza ndi cha malire. Mphamvu ya MAGLA imathera pa Muloza. Ukawoloka kupita ku Milange uli pansi pa malamulo a Mozambique, kumene kuli bungwe lawo lotchedwa Inspecção Geral de Jogos. Foni nayo ili ndi malire osaoneka: pa intaneti pali makampani a kunja amene alibe chiphaso cha Malawi, ndipo munthu akamanidwa ndalama kumeneko alibe khomo logogoda. Safunsa anadya phula. Wamkulu aliyense amene wasankha kubetcha ayambe wafunsa ngati malowo ali ndi chiphaso cha MAGLA.

Tiombe mkota. Juga ili ndi zinthu zitatu: chimene waika, mwayi, mphoto. Dziko lathu limailola kwa akuluakulu okha, pamalo a chiphaso okha, pansi pa lamulo la 2022. Chiphaso chimateteza munthu kwa wakuba, koma sichimuteteza ku masamu.

Ntchito ya kunyumba ndi iyi, ndipo sifuna ndalama yobetcha. Lemba m'kope mmene ukuganizira kuti kandalama kachitsulo kagwera kakhumi motsatizana, mbali ya chizindikiro cha dziko kapena mbali inayo. Kenako kaponye kakhumi, uone ngati walondola konse. Bwereza maulendo makumi awiri, ndipo ulembe zotsatira mosabisa. Uitane akulu ako kapena amalume akuthandize kuwerenga, makamaka ngati amadula matikiti Loweruka. Usawalalikire, ingowapatsa cholembera. Lolemba ubwere ndi kopelo, udzaimirire kutsogolo kwa anzako, ndipo phunziro limeneli udzaliphunzitse ndiwe.