Mwanapiye akafa, musathamangire kumutaya

Achinyamata amene mwayamba kuweta nkhuku, dziwani kuti si mliri uliwonse wa m'khola umene uli chitopa. Anapiye a masabata 3 mpaka 6 akayamba kuunjikana pakona, nthenga zili nyankhalala, akutsegula m'mimba zoyera zamadzimadzi, ena n'kumadzijompha kotulukira zitosi, ganizirani Gumboro, matenda amene anadziwika koyamba ku Delaware, m'dziko la America, mu 1962.

Wakufayo ali ndi zoti akuuzeni. Valani jumbo m'manja, mukamutumbule kutali ndi khola. Pa ntchafu ndi pa chidali mupeza timadontho ta magazi m'kati mwa mnofu. Impso zimakhala zotupa ndi zotumbuluka, chifukwa kanyamaka kanatha madzi m'thupi. Koma diso lanu lipite chakumsana, pamwamba penipeni pa kotulukira zitosi. Pamenepo pali kathumba kozungulira kamene madokotala a ziweto amati bursa. Mwa mwanapiye wathanzi kamakhala koyera bwino. Mwa wodwala kamatupa, kamakutidwa ndi madzi achikasu onanda, nthawi zina kamachita kufiira ndi magazi. Pakatha sabata imodzi kamanyala n'kutsala kakang'onong'ono.

M'kathumba aka ndi mmene mumakhwimira maselo opanga chitetezo cha nkhuku, ndipo kachilombo ka Gumboro kamafuna maselo omwewo. Apa ndiye pogona nkhani. Imfa zimachuluka kwa masiku ochepa, kenako zimaleka zokha. Ambiri amatamanda makapisozi amene anasungunula m'madzi, pamene makapisozi sapha vairasi. Choopsa kwambiri n'chakuti anapiye ogwidwa asanakwane masabata 3 saonetsa chizindikiro chilichonse, koma chitetezo chawo chimakhala chitaonongeka. Mudzawapatsa katemera wa chitopa, osagwira bwino. Chifuwa, kamwazi ndi kupinimbira zidzangotsatizana, inu n'kumadandaula za chakudya kapena za amene anakugulitsani anapiye. Nkhuku za mazira ndizo zimafa kwambiri kuposa za nyama.

Katemera alipo, koma ndi wamoyo, safuna kutentha. Mubwere naye kuchokera kusitolo ali mu ayezi. Anapiye muwamane madzi kwa ola limodzi kapena awiri kuti onse amwe madzi amene mwathiramo katemerayo, ndipo amalize pasanathe maola awiri. Madzi okhala ndi klorini amapha katemerayu. Tsiku lotemera mufunse alangizi a ziweto ndi kumene munagula anapiye, chifukwa chitetezo chochokera kwa make chimalepheretsa katemera woperekedwa msanga.

Mliri ukadutsa, mtima umathamangira kuitanitsa anapiye ena kuti mubweze ndalama. Dekhani. Kachilomboka kamakhala m'khola miyezi ingapo, m'utuchi, m'zitosi, m'zomwera ngakhale kunsi kwa nsapato zanu. Chotsani utuchi wonse, tsukani, poperani mankhwala, khola lipume. Anapiye aang'ono musawaphatikize ndi nkhuku zazikulu. Akufawo akwirireni mozama kapena kuwatentha, osaponyera agalu.

Chonde, mwanapiye woyamba akangofa, itanani alangizi tsiku lomwelo, mumutumbule pamodzi.