PHUNZIRO 18: NJIRA YA M'MAPIRI A KU AMERICA

Kum'mawa kwa dziko la United States, ku America, kuli mapiri otchedwa Appalachian, ondondozana kuchokera kumwera kufikira kumpoto. Pamsana pa mapiriwo padzera njira ya miyendo yaitali ndithu, dzina lake Appalachian Trail. Iyambira pa phiri la Springer m'chigawo cha Georgia, nidutsa zigawo 14, nikathera pa phiri la Katahdin m'chigawo cha Maine. Utali wake ndiwo ngati makilomita 3,500. Munthu wofuna kuitsiriza yonse pa ulendo umodzi ayenda miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi, atabereka katundu wake kumbuyo.

Njira imeneyi si ya malonda kapena ya magalimoto ayi. Woyamba kuiganizira ndiye Benton MacKaye, munthu wodziwa za nkhalango. M'chaka cha 1921 iye analemba kuti anthu otopa ndi phokoso la m'mizinda ayenera kukhala ndi kopumulira kumapiri. Mawuwo anakomera ambiri, ndipo mu 1925 anapangana bungwe loyang'anira ntchitoyo. Pambuyo pake mtsogoleri wawo anali Myron Avery, munthu wa khama loopsa, amene anayenda m'mapirimo akukankha gudumu la njinga poyesa utali wa njira. Ambiri a iwo amene analambula anali anthu wamba, ogwira ntchito zawo m'mizinda, amene pa masiku opuma anatenga nkhwangwa nakwera kumapiri osalandira malipiro. Pamalo ena anyamata olembedwa ndi boma anathandizako. Njira yonse inalumikizika m'mwezi wa August, 1937.

Koma kulambula njira tsiku limodzi sikukwanira, pakuti tchire siligona. Mu 1938 namondwe anagwetsa mitengo yosawerengeka kumbali ya kumpoto, natseka njira. Posakhalitsa inabuka nkhondo yaikulu yachiwiri, anyamata napita kunkhondo, ndipo njira inasowa woisamala. Pamene Earl Shaffer, msilikali wobwera kunkhondoko, anaiyenda yonse mu 1948, anapeza kuti pena yawirira, pena zizindikiro zafafanizika, kotero kuti anasokera kawirikawiri. Anthu anabwereranso ndi zida zawo, ndipo pofika 1951 njira inatsegukanso yonse.

Makono dziko limene njirayo idzeramo litetezedwa ndi lamulo la boma la 1968, koma ntchito yambiri ya manja ikali ya anthu odzipereka okha. Iwo ali m'magulu ngati 30, gulu lililonse ndi dera lake. Ndipo m'gulumo munthu apatsidwa kachigawo kake, monga mwini munda adziwa malire a munda wake.

Ntchito yoyamba ndiyo ya zizindikiro. Wosamala njira atenga utoto woyera, napala pang'ono khungwa la mtengo, napakapo chizindikiro choimirira, cha mainchesi 2 m'mimba ndi mainchesi 6 m'litali, pa msinkhu wa maso a munthu. Popita apaka mitengo yooneka kwa olowera kumpoto, pobwera apaka yooneka kwa olowera kumwera. Zizindikiro ziwiri, china pamwamba pa chinzake, zichenjeza mlendo kuti njira ikhota, kapena kuti pafupi pali mphambano. Chizindikiro cha mtundu wa thambo chisonyeza kanjira kopatuka, konka ku kasupe kapena ku msasa wogonamo. Pamwamba pa mapiri a White, m'chigawo cha New Hampshire, kumene mitengo simera chifukwa cha mphepo ndi chisanu, anthu aunjika miyala milumilu. Ndipo pakagwa nkhungu, mlendo achoka pa mulu wina nafunafuna unzake. Kumeneko wotaya njira akhoza kufa ndi kuzizira, ngakhale m'nyengo yofunda. Chifukwa chake mulu wogumuka auunjikanso msanga.

Ntchito yachiwiri ndiyo yolimbana ndi madzi. Mvula ikagwa pa phiri, madzi afuna poyenda posavuta, ndipo apeza njira yopondedwa ndi anthu. Akalekereredwa akokolola dothi, njira nisanduka chigwembe. Tsono osamala njira agoneka chipika kapena mzere wa miyala mopingasa, kuti madzi apatukire kutchire. Ngalande zimenezi zidzala masamba ndi mchenga, ndipo ziyenera kufukulidwa ndi khasu chaka ndi chaka. Potsetsereka amanga makwerero a miyala, ndipo m'madambo ayala matabwa kuti mapazi asaononge zomera.

Ntchito yachitatu ndiyo yochotsa mitengo yogwa ndi kukonza misasa, imene ipitirira 250. M'nkhalango zina lamulo likaniza makina, kotero anthu awiri adula thunthu ndi macheka aatali a manja, wina uku wina uko. Mu September 2024 namondwe wotchedwa Helene anagwetsa mitengo yambiri ndi kugumula njira ku North Carolina, Tennessee ndi Virginia. Ndipo odzipereka anagwira ntchito miyezi yambiri poitsegulanso.

Mlendo wodutsa sadziwa dzina la iye amene anapaka chizindikiro, ndipo wopakayo sadzaona nkhope za ambiri amene anawalanditsa. Komabe agwira ntchito mokhulupirika, podziwa kuti mutu umodzi susenza denga. Ndi momwemonso njira ya kuchitsime, ya kusukulu ndi ya kutchalitchi. Mwana amene apeza nthambi ya minga m'njira naichotsa, osayembekeza kutumidwa kapena kuyamikidwa, wagwira ntchito yomweyo imene agwira anthu aja m'mapiri akutali.

MAFUNSO

1. Kodi Appalachian Trail iyambira kuti, nithera kuti?
2. Chinaononga njirayo n'chiyani pakati pa 1938 ndi 1948?
3. Zizindikiro ziwiri zoyera zitanthauzanji?
4. Chifukwa ninji aunjika miyala pamwamba pa mapiri a White?
5. Fotokozani machitidwe opatutsa madzi m'njira ya pa phiri.
6. Tchulani njira imodzi ya m'mudzi imene ana a sukulu akhoza kuisamala, ndi zida zofunika.