Malinga a ku China pa Nyengo ya Chisanu

Abale, m'mwezi wa January kumpoto kwa China kuzizira koopsa, madzi nauma gwa ngati mwala. Mlendo wakufika pa mudzi wakale wa Pingyao nyengo yomweyo apeza anthu owerengeka pa linga lake, limene linamangidwanso m'chaka cha 1370, la nsanja 72. Akwere mochenjera, pakuti njerwa ziterera.

Akapitirira ulendo kum'mawa, afika ku Shanhaiguan, kumene Linga Lalikulu la dziko lonse litsikira m'nyanja, ndipo mphepo yake ilasa mafupa. Tsono imvani: m'chaka cha 1644 Amanchu sanagumule khomalo ai. Kazembe wa nkhondo Wu Sangui, woikidwa kulisunga, anawatsegulira chipata yekha. Ndipo analowa, nalamulira China kufikira 1912.