Dziwe Losambira Likachita Ndere: Mankhwala Oyenera Kugula ndi Kasamalidwe Kake

Kapepala kano ndi ka eni nyumba zokhala ndi dziwe losambira, komanso ka anthu amene amasamala madziwewo tsiku ndi tsiku: wolima maluwa ku Area 43 kapena ku Namiwawa, wantchito wa pa loji ku Mangochi, ndi abale athu amene ali pa ntchito yomweyi ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Nthawi zambiri wogula mankhwala amakhala wina, wotsegula chigubu n'kukhala winanso. Nonse awiri werengani.

Ndere zikamera, klorini watha

Kukatentha mu Okutobala ndi Novembala, kapena mvula yoyamba ikakokololera fumbi ndi masamba m'dziwe, madzi amatha kubiriwira pa masiku awiri okha. Magetsi akamazimazima zimafulumira, chifukwa pampu imaima ndipo madzi amangokhala phee. Zikatero ambiri amathamangira kusitolo kukagula botolo lolembedwa kuti algaecide, kutanthauza mankhwala opha ndere.

Musanatulutse ndalama, dziwani kuti ndere zimamera pamene klorini watha mphamvu, ndipo mpata umenewo majeremusi oyambitsa kutsekula m'mimba, matenda a m'khutu ndi zilonda za pakhungu nawonso aupeza. Algaecide sapangidwira kupha majeremusi amenewa. Madzi atha kuyera mbee ndi mankhwala a ndere, ana n'kudwalabe atasambamo. Dziwe losiyidwa lobiriwira nalonso lili ndi zoopsa zake: udzudzu umaswana m'menemo, ndipo mwana akagweramo simungamuone pansi.

Choyamba kugula ndi choyezera madzi, kaya cha timadontho kaya cha timapepala tosintha mtundu. Klorini azikhala pakati pa 1 ndi 3 ppm, ndiye kuti mamiligalamu 1 mpaka 3 pa lita imodzi ya madzi. Muyezo wa pH, umene umasonyeza kuchuluka kwa asidi m'madzi, uzikhala pakati pa 7.2 ndi 7.6. Anthu ambiri pH amainyozera, koma ikafika pa 8, klorini amene akugwira ntchito mwamphamvu amangotsala pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi. Mudzathira ndowa yonse ya klorini, madzi osasintha, mukumaganiza kuti akugulitsani wabodza. pH ikakwera imatsitsidwa ndi asidi wa m'dziwe, ikatsika imakwezedwa ndi soda ash. Nyengo yotentha yezani kawiri kapena katatu pa sabata.

Dziwaninso kuchuluka kwa madzi anu, chifukwa malangizo a pa chigubu amawerengera malita. Dziwe la mamita 8 m'litali, 4 m'lifupi ndi 1.5 kuya limasunga malita 48,000.

Klorini alipo wa mitundu iwiri, ndipo sakumana

Wa timibulu toyera, amene ambiri timangomutchula HTH, ndi calcium hypochlorite, wokhala ndi klorini 65 mpaka 70 pa 100 alionse. Amagwira msanga, koma dzuwa limamutha msanganso, n'chifukwa chake amathiridwa madzulo pampu ikuyenda. Wina ndi wa mapiritsi akuluakulu oikidwa m'kachibotolo koyandama. Ameneyu ndi trichlor. Amasungunuka pang'onopang'ono ndipo ali ndi stabiliser, mankhwala otchinjiriza klorini ku dzuwa. Stabiliser amathandiza akakhala 30 mpaka 50 ppm. Akachuluka amamanga klorini, ndipo sachoka pokhapokha mutataya madzi ena n'kuthira atsopano.

Mitundu iwiriyi isakhudzane ili youma kapena m'ndowa imodzi. Timibulu ta HTH tikalowa m'kachibotolo kamene munali mapiritsi, ngakhale kataoneka ngati katha, kamatentha, kamatulutsa utsi wachikasu ndipo katha kuphulika munthu ali nako m'manja.

HTH tinamudziwa kwambiri pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023, choncho ena amatapako wa m'dziwe kukathira m'madzi akumwa kunyumba. Musatero. Mankhwala ena a m'dziwe amasakanizidwa ndi opha ndere ndi zina zosayenera kumwa, ndipo mlingo wake simungauyeze ndi maso. Wa madzi akumwa katengeni kwa alangizi a zaumoyo kapena gulani WaterGuard.

Nanga algaecide wabwino ndi uti?

Werengani pamene alemba zimene zili m'botolo. Otsika mtengo amakhala a gulu la quat. Amathandiza kupewa ndere zobiriwira, koma mukapyola mlingo madzi amachita thovu. A polyquat ndi odulirapo ndipo sachita thovu. Ngati thumba likulola, amenewa ndiwo savuta. A kopa ndi amphamvu ndipo amakhalitsa, koma kopa akachuluka amathimbiriritsa makoma a dziwe, amabiriwitsa tsitsi loyera kapena lothiridwa mankhwala oyeretsa, ndipo amapha nsomba. Madzi otsukira sefa a dziwe lotero asalowere ku damu la nsomba kapena kumtsinje.

Dziwe likabiriwira kale, algaecide payekha sangalilanditse. Wolani masamba, konzani pH, kwechani makoma ndi masitepe ndi bulashi, kenako thirani klorini wochuluka madzulo monga alembera pa chigubu. Pampu iyende usiku wonse, m'mawa mutsuke sefa. Algaecide abwere pambuyo, klorini atatsika, chifukwa klorini wambiri amawononga quat ndi polyquat. Timadontho takuda ta ndere tomata m'mizere ya matailosi ndi touma mutu: tili ndi kachikopa koteteza, ndipo mukapanda kukakwecha kaye mankhwala sangalowe. Munthu asasambemo kufikira klorini atabwerera pa muyezo wake ndipo pansi pa dziwe pakuoneka bwino.

Ngozi yaikulu ili mosungira

Taonani mmene zimakhalira m'magalaja ambiri. Chidebe cha HTH chili pansi, chivindikiro chosatseka bwino. Pambali pake pali botolo la asidi, chigubu cha petulo wa makina otchetchera kapinga, ndi thumba la feteleza wa urea. Kapu yotapira ndi imodzi, ili mbuu ndi ufa wa dzulo. Chilichonse mwa zimenezi chimadana ndi HTH. Asidi akakumana naye pamatuluka mpweya wa klorini, womwe unagwiritsidwa ntchito ngati chida chankhondo mu 1915. Umapsereza mmero ndi mapapo. Petulo, oyilo kapena mafuta a mabuleki akadonthera pa timibuluto pamabuka moto popanda machesi. Feteleza nayenso amatulutsa mpweya woipa akasakanikirana ndi klorini.

Choncho klorini akhale payekha, pouma, pamthunzi, popita mphepo, pokhoma ndi loko. Asidi akhale kwina, pansi, osati pa shelefu ya pamwamba pa klorini. Mankhwala alionse akhale ndi kapu yakeyake youma. Posungunula, yambani mwadzaza madzi m'ndowa kenako thirani mankhwala. Mukathira madzi pa asidi kapena pa timibulu zimawira n'kukuthovukirani kumaso. Asidi ndi klorini musawathire m'dziwe nthawi imodzi. Potsegula chidebe nkhope ikhale kumbali, mphepo ikuchokera kumsana. Mankhwalawa asatsanuliridwe m'botolo la zakumwa, ngakhale pang'ono pokha.

Inu mabwana, magolovesi a labala ndi magalasi oteteza maso ndi gawo la mtengo wa dziwelo, ndipo ogula ndinu. Malangizo a pa zigubu amakhala m'Chingelezi, zilembo zake ting'onoting'ono. Khalani pansi ndi wantchito wanu muwerengere limodzi. Kumupatsira mankhwala m'jumbo yopanda dzina n'kumuika pa ngozi.

Osamba nawo ali ndi mbali yawo

Fungo lamphamvu la pa dziwe ndi maso ofiira sizitanthauza kuti klorini wachuluka. Zimabwera klorini akasakanikirana ndi mkodzo ndi thukuta, ndipo pamenepo mphamvu yake imakhala yachepa. Aliyense adzitsuke asanalowe, ana aang'ono azitengedwa kuchimbudzi pafupipafupi. Wotsekula m'mimba asalowe m'dziwe. Majeremusi ngati E. coli amafa pasanathe mphindi imodzi m'madzi osamalidwa bwino, koma kachilombo ka Cryptosporidium kamapirira klorini kwa masiku oposa 7. Amene wapezeka nako adikire masabata awiri kutsekulako kutasiya.

Ngozi ikachitika

Mankhwala akalowa m'maso, tsukani ndi madzi oyenda kwa mphindi 15 mpaka 20 zikope zili zotsegula, ndipo musatikite. Akagwera pathupi, vulani zovala zonyowazo n'kusamba madzi ambiri. Wopuma mpweya woipa atulutsidwe panja msanga. Ngati akutsokomola kosalekeza, akubanika kapena ali ndi mphumu, apite kuchipatala nthawi yomweyo, chifukwa mapapo amatha kutupa patapita maola angapo. Amene wameza musamusanzitse, mungamupserezenso kummero. Achukuche m'kamwa ndi madzi, mupite naye kuchipatala. Jambulani chigubucho pa foni kapena tengani chipepala chake kuti adokotala aone dzina la mankhwalawo. Chidebe chikayamba kufuka utsi kapena kutentha, musachinyamule ndipo musachivindikire. Chotsani anthu onse, imani kumene mphepo ikuchokera, muitane ozimitsa moto.