MPHUNZITSI WAMKULU NDI NDALAMA ZA MAKOLO

Phunziro locokera ku sukulu za Boma za ku America

M'mwezi wa September caka ca 1997, makolo a pa sukulu ina ya pulaimale, dzina lace P.S. 41, m'dera la Greenwich Village mu mzinda wa New York, anamva kuti mphunzitsi mmodzi adzacotsedwa cifukwa ndalama zomlipira zinapelewera, ndi kuti ana ace adzagawidwa m'makalasi ena. Makolowo sanakhale manja lende: m'masiku owerengeka anasonkha madola 46,000 kuti amlipire okha. Koma mkulu woyang'anira sukulu zonse za mzindawo, Rudy Crew, anazikana ndalamazo. Potsiriza mphunzitsi uja anakhalabe pa nchito yace nalipidwa ndi Boma, makolo nabwezeredwa zao, ndipo anthu anauzidwa kuti malipiro a mphunzitsi wa kalasi asamacokere m'matumba a makolo.

Nanga munthu wanzeru angakane bwanji mphatso yoperekedwa ndi mtima wabwino? Funso limeneli ndilo mutu wa phunziro lino, ndipo amene akomana nalo kawiri-kawiri ndiye mphunzitsi wamkulu, pakuti iye aimirira pakati pa Boma, makolo ndi ana.

Kumene ndalama za sukulu zicokera

Ku America mwana salipira kanthu polowa sukulu ya Boma. Boma lalikulu la ku Washington lipereka gawo laling'ono cabe, ngati limodzi mwa magawo khumi. Zina zonse zicokera ku maboma a zigawo, monga California kapena Oregon, ndi ku msonkho umene eni nyumba ndi malo apereka kwao komweko. Tsono apa ndipo pagona bvuto: kumene nyumba ziri za mtengo wapatali msonkho ucuruka, ndipo sukulu ikhuta, kumene anthu ali osauka msonkho ucepa, ndipo sukulu iperewerwa. Cotero ana a dziko limodzi ayamba ulendo wa maphunziro ena ali ndi kamba wokwanira, ena ali cimanja-manja.

Makolo amene anamanga ndi manja ao

Mwambo wakuti makolo athandize sukulu ngwakale m'dzikomo. Pa 17 February 1897 amai awiri, Alice McLellan Birney ndi Phoebe Apperson Hearst, anaitanitsa msonkhano waukulu ku Washington, ndipo pamenepo panabadwa bungwe limene linadzakhala la makolo ndi aphunzitsi, lodziwika ndi malemba akuti PTA. Kufikira lero mabungwe otere asonkha ndalama pogulitsa makeke ndi mabuku, pocititsa masewera, ndi pogulitsa katundu mopikisana mitengo.

Citsanzo coposa zonse cinaoneka kummwera kwa dzikolo, kumene ana a anthu akuda anali kuphunzira padera, m'nyumba zakugwa, cifukwa ca tsankho. M'caka ca 1912 Booker T. Washington, mkulu wa sukulu ya Tuskegee ku Alabama, anagwirizana ndi Julius Rosenwald, mkulu wa kampani ya Sears, Roebuck ku Chicago, kuti ayambe kumanga sukulu za kumidzi. Pangano lace linali lotere: Rosenwald apereka gawo lace pokha-pokha anthu a pamudzi atasonkha lao, ndiponso Boma la deralo litabvomera kuti sukuluyo ndi yace, lidzaisamala ndi kulipira aphunzitsi. Alimi osauka, ambiri a iwo ana ndi adzukulu a akapolo, anapereka malo, anaceka matabwa, anagulitsa nkhuku ndi nsomba zokazinga, ndipo ena analima munda wapadera wa thonje kuti phindu lace lipite ku sukulu. Pofika caka ca 1932 panali patamangidwa sukulu pafupi-fupi 5,000 m'zigawo 15. Anthu akuda anasonkha madola ngati 4.7 miliyoni, kuposa Rosenwald mwini wace amene anapereka ngati 4.3 miliyoni, koma gawo lalikulu koposa linacokera ku misonkho.

Mfundo yoyenera kuigwiritsa apa ndi iyi: ndalama za makolo aja sizinamasule Boma ku udindo wace. Zinalikokera ku udindo umene linali kuuzemba.

Pamene thandizo lisanduka mpanda

M'caka ca 1978 anthu a ku California anabvota lamulo locepetsa msonkho wa nyumba, dzina lace Proposition 13, ndipo m'caka ca 1990 a ku Oregon anacita cimodzi-modzi ndi lamulo lao la Measure 5. Sukulu zambiri zinayamba kusowa, ndipo makolo anayamba kusonkhera zinthu zimene kale linali kulipira Boma: aphunzitsi a nyimbo, a zojambula, ndi osamala nyumba za mabuku. Koma makolo onse sali ndi matumba ofanana. Sukulu ya ana a madokotala ndi a maloya ingathe kusonkha usiku umodzi ndalama zimene sukulu ya ana a anchito wamba singazipeze caka cathunthu. Ici ndico cimene Rudy Crew anaopa ku New York: kuti sukulu ya Boma, imene iyenera kukhala ya onse, ingasanduke ya olemera mwakacetecete.

Mzinda wa Portland ku Oregon unayesa njira yapakati. Kwa zaka zoposa makumi awiri, makolo osonkha ndalama zolipira aphunzitsi pa sukulu yao anali kusunga madola 10,000 oyamba, koma pa zotsalazo gawo limodzi mwa magawo atatu linali kupita m'thumba limodzi lothandiza sukulu zosauka. Akulu akale anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo lamulo la ku Portland linali mwambi womwewo wolembedwa m'mabuku a cuma. Ngakhale zinali conco kusiyana sikunathe, kotero kuti m'caka ca 2024 komiti yoyang'anira sukulu za mzindawo inagamula kuti makolo asalipirenso aphunzitsi a pa sukulu yao yokha. Ndalama zotere zizipita ku thumba la mzinda wonse. Ena anakondwera, ena anadandaula kuti opereka adzagwa mphwayi. Mlandu umenewu suli wapafupi, pakuti mbali zonse ziwiri zikonda ana.

Udindo wa mphunzitsi wamkulu

Malamulo apangidwa m'maofesi, koma mphatso ifikira pa khomo la mphunzitsi wamkulu. Iye ali ndi nchito zinai.

Yoyamba ndiyo kunena zoona pa zosowa za sukulu. Makolo akafunsa cimene angathandize, iye asachule cimene cidzaoneka bwino pa maso pa alendo, koma cimene cidzathandiza ana ambiri, makamaka ofooka m'kalasi.

Yaciwiri ndiyo kusagwira ndalama yekha. Mwambo wabwino wa mabungwe a makolo ngwakuti ndalama zikhale m'buku lao-lao ku banki, msungicuma akhale mmodzi wa makolo, anthu awiri aziwerengera pamodzi zimene zasonkhedwa, ndipo ciwerengero conse cizinenedwa poyera pa msonkhano. Ici sicitanthauza kuti mphunzitsi wamkulu ngwakuba ai; ndico cikopa ca mbiri yace, pakuti pamene ndalama ziyenda mumdima, ngakhale wosalakwa anenezedwa.

Yacitatu ndiyo kuteteza mwana wa mmphawi. Mphatso imene mwana acititsidwa nayo manyazi akapanda kubwera nayo siili mphatso konse, koma msonkho wobisika. Maina a osapereka asawerengedwe pa mzere, ndipo mwana asatsale pa ulendo wa sukulu cifukwa amace analibe kanthu. Kholo lopereka nthawi yace, lodzakonza mabuku kapena kuthandiza ana kuwerenga, lilandiridwe ndi ulemu womwewo umene ulandira kholo lopereka madola.

Yacinai, imene iiwalika kawiri-kawiri, ndiyo kukumbutsa makolo kuti mau ao aposa makeke ao. M'madera ambiri a ku America anthu abvota okha ngati msonkho wa sukulu ukwere kapena ai, ndipo asankha okha a m'komiti ya sukulu. Mphunzitsi wamkulu sayenera kuwauza cobvota, koma angathe kuwaonetsa poyera ndalama zimene sukulu ilandira ndi zimene isowa. Makolo odziwa zimenezi athandiza ana a mzinda wonse, osati a sukulu imodzi yokha.

Mutu umodzi susenza denga, ndipo sukulu yopanda manja a makolo siimirira bwino. Koma nsanamira za nyumbayo ndi za Boma. Mphunzitsi wamkulu wanzeru alandira thandizo la makolo ndi manja awiri, nayang'anira kuti lisakhale mtengo wolowera pa khomo limene linatsegulidwira mwana ali yense kwaulere.

Mafunso okambirana

1. Cifukwa ninji sukulu za Boma za ku America zisiyana cuma ngakhale ziri m'dziko limodzi?
2. Pangano la Rosenwald linakakamiza Boma kucita ciani?
3. Kodi makolo a pa P.S. 41 analakwa posonkha ndalama zija? Nanga Rudy Crew analakwa pozikana?
4. Mphatso isanduka msonkho pa nthawi yanji, ndipo ndani ayenera kuyamba kuzindikira?