Python kapena malonda, ayambe chiti?

Funso: Mnyamata wina wa ku Chunga mu Lusaka amalemba mapulogalamu a pafoni, koma makasitomala sakubwera. Kodi aonjezere Python, kapena ayambe waphunzira za malonda?

Yankho: Python adzaiphunzira ndithu, koma ayambe wapita kumsika wa Matero kukaona momwe ndalama zimayendera. Ogulitsa ambiri kumeneko amalandira ndalama pa Airtel Money ndi MTN MoMo, ena pa timafoni ta mabatani. Pulogalamu yofuna intaneti nthawi zonse siwathandiza, maka magetsi akamazimazima ngati mu 2024, madzi atachepa ku Kariba. Apa luso la USSD, njira yogwira ntchito pafoni popanda intaneti, ndi lomwe lingamudyetse.

Msonkho nawonso ndi khomo. Mu 2024, bungwe la msonkho la ZRA lidalamula mabizinesi olipira VAT kugwiritsa ntchito dongosolo la Smart Invoice. Wolemba mapulogalamu wodziwa momwe VAT imawerengedwera angalumikize makina a m'sitolo ndi dongosololi, ntchito imene wodziwa kulemba mapulogalamu kokha ingamuvute.

Kokaphunzira kulipo. BongoHive, yomwe idayamba mu 2011 mu Lusaka momwemo, imaphunzitsa achinyamata zamakompyuta komanso kuyendetsa bizinesi.